Hatshepsut: Mfumu Yaikazi ya ku Egypt Imene Adaifufuta Dzina

Mawu oyamba

Kwathu ndi ku Nayuchi, m'boma la Machinga, pamene njanji yochokera ku Nkaya imatulukira m'Malawi muno kulowa m'dziko la Mozambique. Dera lathu lili pakati pa nyanja ziwiri, Chiuta chakumpoto ndi Chilwa chakummwera, n'chifukwa chake anzathu a tsidya ilo adatcha siteshoni yawo Entre Lagos, kutanthauza kuti pakati pa nyanja m'Chipwitikizi. Ndili mwana tinkakwera sitima ku Balaka, n'kudutsa pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kukafika kumudzi thupi lonse lili fumbi lokhalokha.

Patchuthi chapitachi ndidapita kumudziko kukakhala nawo pamwambo wolonga ufumu. Amalume ena ankalowa dzina la unyakwawa. Monga mwa mwambo, mkulu wina adaimirira n'kutchula mmodzimmodzi onse amene adavalapo dzinalo chiyambire mudziwo. Adatchula amuna asanu. Usiku tili kukhitchini, anganga adanditsina khutu kuti mndandanda uja udalumpha munthu. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu padali mayi wina, mlongo wake wa nyakwawa yachiwiriyo, amene adasunga mudzi zaka zoposa khumi chifukwa mwana woyenera kulowa ufumu adali akali kubere. Mayiyu ndiye ankaweruza milandu, kugawa minda ya mpunga kudambo ndi kuyankhula ndi amesenjala a boma la atsamunda pankhani ya msonkho. Nditafunsa chifukwa chimene sadamutchulire, anganga adandiyankha kuti anthu amati iyeyo ankangogwirizira, sadali mfumu.

Teremu yomwe idali itangotha kumeneyo tidali titaphunzira mbiri ya kalembedwe ka ziyankhulo, ndipo m'menemo ndidakumana ndi dzina la Hatshepsut, mfumu yaikazi ya ku Egypt, dziko limene Baibulo limalitchula kuti Aigupto kapena Ejipito. Nayenso adayamba ndi kugwirizira ufumu, nayenso adamulumpha pamndandanda wa mafumu. M'chimangirizo chino ndifotokoza moyo wake, makhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu amene ankawalamulira, ndiponso momwe kalembo kamodzi kakang'ono kadapulumutsira mbiri yake.

Dziko limene adabadwiramo

Hatshepsut adabadwa cha m'ma 1507 BC, ndiye kuti zaka zoposa 3,500 zapitazo, m'banja lachifumu limene akatswiri a mbiri yakale amaliwerenga kuti ndi la nambala 18. Kwawo kwa banjali kudali mzinda wa Thebes, pamene lero pali Luxor. Eni nthaka ankatchula dziko lawo kuti Kemet, kutanthauza dziko lakuda, chifukwa cha matope achonde amene mtsinje wa Nile unkasiya ukasefukira. Chipululu chozungulira ankachitchula kuti Deshret, dziko lofiira.

Munthu wa kwathu savutika kumvetsa moyo wodalira madzi osefukira. Chilwa ikadzaza, mpunga umacha ndipo matemba ndi mlamba zimachuluka pamsika. Ikaphwa, monga idachitira mu 1995, njala siimva kugogoda. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Egypt mvula siigwa kwenikweni. Madzi ankachokera kutali, ku mvula ya kumapiri a ku Ethiopia, ndipo ankafika chaka ndi chaka cha mu Julaye. Choncho chaka chawo adachigawa m'nyengo zitatu za miyezi inayi iliyonse: Akhet, nyengo ya kusefukira, Peret, nyengo yofesa madzi akabwerera, ndi Shemu, nyengo yokolola. Mwezi uliwonse unkakhala ndi masiku 30, sabata inkakhala ya masiku khumi, ndipo ankawonjezera masiku asanu okumbukira kubadwa kwa milungu kuti akwane 365. Kusefukira kumeneku kudatha damu lalikulu la ku Aswan litamalizidwa mu 1970, chaka chomwe njanji idafika ku Nayuchi.

Nsima yawo idali buledi wa tirigu, ndipo chotsitsira chake udali mowa wa barele, waphalaphala ngati masese. Ndiwo zidali anyezi, adyo, mbewu za mtundu wa nyemba, nsomba ndi mbalame za m'dambo. Ndalama zachitsulo kudalibe, kotero mmisiri wogwira ntchito ya mfumu ankalandira matumba a tirigu ndi barele pakutha pa mwezi. Nyumba zogonamo, ngakhale ya mfumu imene, ankamangira zidina. Miyala ankaisungira akachisi ndi manda, pakuti kwa iwo nyumba ya amoyo idali msasa chabe. Ankavala bafuta woyera, ndipo amuna ndi akazi omwe ankadzola mankhwala akuda m'zikope. Mkazi adali ndi ufulu wokhala ndi munda wakewake, kugula ndi kugulitsa, kukasuma kubwalo, kuthetsa ukwati ndi kugawa chuma chake kwa amene wamufuna. Komabe ulembi ndi maudindo a boma zidali m'manja mwa amuna.

Chikhulupiriro chawo pa za imfa ndicho chimatithandiza kumvetsa nkhani yonse ya Hatshepsut. Iwo ankati munthu ali ndi zigawo zingapo. Padali thupi, limene ankaliumika ndi mchere wa natron pamwambo wotenga masiku 70. Padali mtima, umene sankauchotsa m'thupi chifukwa kumizimu unkayenera kuyezedwa pasikelo ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa chilungamo ndi dongosolo. Padali ka, mphamvu ya moyo imene inkafunabe chakudya munthu atamwalira, ndi ba, imene ankaijambula ngati mbalame ya mutu wa munthu. Pomaliza padali ren, ndilo dzina. Malembo a pamanda ankadandaulira odutsa m'njira kuti atchule dzina la malemuyo ndi kumufunira buledi ndi mowa, chifukwa wotchulidwa dzina ndiye ankakhalabe ndi moyo. Ife amene makolo athu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa msolo uku akutchula mayina a mizimu, ndipo mpaka lero timaphika sadaka pokumbukira omwalira, sitingadabwe nazo. Kwa munthu wa ku Egypt, kufufuta dzina la wakufa kudali kumupha kachiwiri.

Ubwana ndi ukwati

Bambo ake a Hatshepsut adali Thutmose I, mfumu yankhondo imene idafika ndi asilikali ake mpaka kumtsinje wa Euphrates. Mayi ake adali Ahmose, mkazi wamkulu wa mfumuyo. Dzina loti Hatshepsut limatanthauza wopambana mwa akazi olemekezeka. Monga ana ena achifumu, adayamwitsidwa ndi mlezi, dzina lake Sitre In, ndipo sadamuiwale atakula: adamusemetsera chiboliboli, ndipo mayiyu adaikidwa m'chigwa chomwe munkagona mafumu.

Abale ake aamuna a Hatshepsut amene ankayembekezeka kulowa ufumu adamwalira bambo awo akali moyo. Ufumu udagwera Thutmose II, mwana wa mfumu mwa mkazi wina wotchedwa Mutnofret. Pofuna kulimbitsa mpando wa mnyamatayu, adamukwatitsa mlongo wake wa bambo mmodzi, Hatshepsut yemweyo. Kwa ife ichi n'chonyansa, ndipo ngakhale kumeneko anthu wamba sankachita kawirikawiri, koma banja lachifumu linkatengera milungu yawo, monga Osiris ndi Isis, amene adali pachilongo komanso pabanja.

Hatshepsut adakhala mkazi wamkulu wa mfumu, komanso adalandira udindo wa Mkazi wa Mulungu Amun. Umenewu sudali udindo wapakamwa chabe. Udali ndi minda, nkhokwe, ziweto ndi antchito ake, ndipo mwini udindowo ankalowa m'kachisi wa ku Karnak kukachita miyambo pamodzi ndi ansembe. Ndikauganizira ndimakumbuka Makewana wa ku Msinja, amene Achewa ankamutenga ngati mkazi wa Chauta ndipo mafumu ankamuopa. Paudindo umenewu Hatshepsut adaphunzira kuyendetsa chuma ndipo adadziwana ndi ansembe amphamvu a Amun. M'banja mwake mudabadwa mwana mmodzi wodziwika, wamkazi, dzina lake Neferure.

Kugwirizira ndi kulowa ufumu

Thutmose II adamwalira cha m'ma 1479 BC. Mwana wamwamuna amene adasiya, Thutmose III, adali wa mkazi wamng'ono wotchedwa Isis, ndipo adali khanda. Sichidali chachilendo kuti mkazi wamasiye wa mfumu agwirizire ufumu mwana akali wamng'ono. Mkulu wa zomangamanga wotchedwa Ineni adalembetsa m'manda ake kuti mwanayo ndiye adakhala pampando wa bambo ake, koma woyendetsa dziko adali Hatshepsut, ndipo anthu onse ankamugwirira ntchito.

Chachilendo chidachitika pofika chaka chachisanu ndi chiwiri cha ufumu wa mwanayo. Hatshepsut adasiya kudzitchula mkazi wa mfumu, n'kuvala zisoti zachifumu ndi kutenga mayina onse asanu amene farao ankakhala nawo. Dzina lake lapampando lidali Maatkare, lotanthauza kuti chilungamo ndicho mzimu wa mulungu Ra. Mwana uja sadamuphe, sadamupirikitse, ndiponso sadamuchotse paufumu. Dziko lidakhala ndi mafumu awiri, zaka zinkawerengedwabe kuchokera tsiku limene mwanayo adalongedwa, ndipo pazipupa ankawajambula onse awiri, Hatshepsut patsogolo. Mnyamatayo adakula akuphunzira zausilikali.

Iye sadali mkazi woyamba kulamulira dzikolo. Zaka pafupifupi 300 m'mbuyomo kudali Sobekneferu, amene adakhala paufumu zaka zosakwana zinayi. Komabe chikhulupiriro chinkati mfumu ndi Horus wamoyo, mwana wamwamuna wa mulungu, kotero Hatshepsut adayenera kuwafotokozera anthu ake chifukwa chimene mkazi wakhalira pampandowo. Adasemetsa pakhoma la kachisi wake nkhani ya kubadwa kwake. M'zithunzizo mulungu Amun akubwera kwa Ahmose atadzisandutsa mwamuna wake, mulungu Khnum akuumba khandalo pamodzi ndi ka wake monga momwe woumba amaumbira mbiya, ndipo Heqet, mulungu wamkazi wa mutu wa chule amene ankathandiza azamba, akulipatsa moyo. Adalembetsanso kuti bambo ake omubereka adamusankha yekha pamaso pa nduna.

Wothandiza wake wamkulu adali Senenmut, mwana wa anthu wamba a ku Armant, Ramose ndi Hatnofer. Munthuyu adakwera mpaka kukhala woyang'anira chuma cha Amun ndi mphunzitsi wa Neferure. Ziboliboli zake zoposa makumi awiri zidapezeka, ndipo zingapo zimamuonetsa atafungatira kamtsikanako m'chovala chake, kamutu kokha kakuonekera.

Vuto la chiyankhulo

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza ngati wophunzira za ziyankhulo. M'Chichewa mayina timawagawa m'magulu, koma magulu amenewa sasamala zoti chinthu n'chachimuna kapena chachikazi. Tikati mfumu yabwera, womva sangadziwe ngati yavala chilundu kapena mkanjo. Mlowam'malo woti iye amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Tikafuna kusiyanitsa timachita kuwonjezera, monga ponena kuti mfumu yaikazi, kapena poika Na- kumayambiriro kwa mfunda: Nabanda, Naphiri.

Chiyankhulo cha ku Egypt wakale sichidali chotero. Dzina lililonse linkakhala lachimuna kapena lachikazi, ndipo lachikazi linkathera ndi t. Mwana wamwamuna adali sa, wamkazi adali sat. Mlowam'malo wophatikira kumapeto kwa liwu adali f kwa mwamuna ndi s kwa mkazi. Mlembi sakadatha kulemba chiganizo chonena za mfumu osaulula ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Kuwonjezera apo, liwu lotanthauza mkazi wolamulira payekha kudalibe. Amene ife tingamutchule mfumukazi, iwo ankangoti mkazi wa mfumu kapena mayi wa mfumu.

Chizindikiro cha t m'kalembedwe kawo ka zithunzi chidali kabuledi kakang'ono, kooneka ngati mtanda wa nsima m'mbale, chifukwa liwu lawo lotanthauza buledi linkalembedwa ndi t yemweyo. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chija ndicho chinkaonetsa ukazi m'malembo.

Amisiri osema ziboliboli ndi alembi adathana nalo vutoli mosiyana. Ziboliboli zoyambirira zimamuonetsa Hatshepsut ali ndi thupi lachikazi ndi diresi lalitali, koma kumutu atavala nsalu yachifumu. Patapita zaka adayamba kumusema ngati farao wina aliyense: chifuwa chachimuna, kansalu kakafupi m'chiuno ndi ndevu zochita kumangirira, zimene mafumu aamuna nawonso ankachita kuvala pamwambo. Alembi ndiwo sadasiye chikazi. Pambali pa chithunzi cha mfumu yandevu ankalemba kuti mwana wamkazi wa Ra, n'kuika kabuledi kaja pamayina aulemu amene kale adali a amuna okha. Nthawi zina ankasakaniza f ndi s pakhoma limodzi. Izi zikusonyeza kuti Hatshepsut sankanamiza anthu kuti ndi mwamuna, popeza ngakhale dzina lake lenilenilo linkanena za akazi. Ndevu zidali yunifolomu ya udindo basi.

Ntchito zake

Ntchito imene Hatshepsut ankainyadira kwambiri ndi ulendo wa malonda wopita ku Punt m'chaka chachisanu ndi chinayi. Akatswiri ambiri amaloza dziko limeneli kugombe la kummwera kwa Nyanja Yofiira, cha ku Eritrea, Ethiopia kapena Somalia wa lero. Zombo zisanu zidanyamuka motsogozedwa ndi nduna yotchedwa Nehsi. Zithunzi za ulendowu zikalipo pakhoma. Zimaonetsa nyumba zomangidwa pamwamba pa mitengo zokwera ndi makwerero, mfumu ya kumeneko Parahu ndi mkazi wake Ati, mayi wathupi lalikulu, ndiponso nsomba za m'nyanjamo zojambulidwa mosamala kwambiri. Amalinyero adabwerako ndi mure ndi lubani, golide, minyanga ya njovu, mitengo yakuda yonga phingo, zikopa za anyalugwe, anyani amoyo, ndi mitengo 31 ya zofukiza yozulidwa ndi dothi lake n'kuikidwa m'madengu. Lubani adali wofunika chifukwa m'kachisi aliyense ankafukiza tsiku ndi tsiku. Kwa ife Ayao, amene makolo athu ankasenza minyanga kupita nayo ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique, n'zopatsa chidwi kuona kuti malonda a minyanga m'mbali mwa nyanja ya kum'mawa kwa Africa adayamba kalekale chotere.

Ku Karnak adaimika zipilala zinayi zazitali zosongoka kunsonga, chilichonse chosemedwa kuchokera ku mwala umodzi. Miyalayi ankaisema ku Aswan n'kuitsitsa pa Nile pachombo chachikulu chokokedwa ndi mabwato. Chimodzi chikali chiimire mpaka lero. N'chotalika mamita oposa 28 ndipo chimalemera matani oposa 300. Malembo a patsinde pake amati ntchito yosema zipilala ziwiri idatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amaululanso nkhawa ya mwini wake: ankalingalira zimene anthu a m'tsogolo adzanene akadzaona ntchito zakezo.

Chachikulu pa zonse ndi kachisi wake wa ku Deir el-Bahari, kutsidya la kumadzulo kwa Nile, mbali imene ankati ndi ya akufa chifukwa ndi kumene dzuwa limalowera. Kachisiyu ali ndi nsanja zitatu zokwererana, zotsamira kuphompho la phiri. Adamangidwa kuti ansembe azipereka buledi ndi mowa kwa ka wa mfumuyo mpaka kalekale. Chaka chilichonse, pa Chikondwerero cha Chigwa, ansembe ankanyamula fano la Amun m'bwato kuwoloka nalo mtsinje kudzacheza kumeneku. Anthu wamba ankalondola pambuyo, banja lililonse n'kupatukira kumanda a abale ake ndi maluwa, chakudya ndi zakumwa, n'kuchezera komweko kudya pamodzi ndi akufa awo. Tikaona zimenezi timamvetsa kuti zomangamanga za Hatshepsut sizidali zodzionetsera chabe. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, iye ankadzikonzera moyo wosatha.

Imfa ndi kufufutidwa kwa dzina

Hatshepsut adamwalira cha m'ma 1458 BC, m'chaka cha 22 chiyambire kuwerenga, ali ndi zaka pafupifupi 50. Adasiya dziko lamtendere ndi nkhokwe zodzaza. Manda ake adakumbidwa m'Chigwa cha Mafumu, ndipo adakonza zoti agone pamodzi ndi bambo ake. Thutmose III adatsala yekha pampando ndipo posakhalitsa adapita kukamenya nkhondo yotchuka ya ku Megiddo. Adakhala mmodzi mwa mafumu amphamvu kwambiri m'mbiri ya dzikolo.

Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, amisiri adatumidwa ndi zosemera zawo. Adagoba zithunzi za Hatshepsut pazipupa, n'kulemba mayina a Thutmose I, Thutmose II kapena Thutmose III pamene padali lake. Ziboliboli za ku Deir el-Bahari adazigwetsa, kuziphwanya ndi kuzitaya m'maenje pafupi ndi kachisiyo. Tsinde la zipilala ziwiri za ku Karnak adalitchinga ndi khoma. Mfumu Seti I italembetsa mndandanda wa makolo ake achifumu ku Abydos patapita zaka zoposa 150, dzina la Thutmose III lidatsatira la Thutmose II ngati kuti pakati padalibe munthu.

Akatswiri oyambirira ankati imeneyi idali njiru ya mwana wopeza amene adalandidwa ufumu. Maganizo amenewa adasintha pamene Charles Nims adaonetsa mu 1966 kuti ntchito yofufutayi idayamba mochedwa, cha m'chaka cha 42 cha ufumu wa Thutmose III. Munthu wolusa sadikira zaka makumi awiri. Komanso zithunzi zambiri zomuonetsa Hatshepsut ngati mkazi wa mfumu sadazikhudze. Chimene ankachotsa ndi umboni woti adakhalapo mfumu. Ambiri tsopano amaganiza kuti Thutmose III atakalamba ankafuna kusalaza njira ya mwana wake Amenhotep II, poonetsa kuti ufumu udayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna popanda chodukiza. Ndikaganiza za mndandanda wa kumudzi kwathu uja ndimaona chimodzimodzi. Mkulu wotchula mayina uja sadali ndi chidani ndi mayi amene sadamuonepo n'komwe. Ankangofuna kuti mzera umveke wowongoka, kuti zidzukulu za mayiyo zisadzapeze poyambira kulimbirana mpando.

Kupezekanso kwake

Kwa zaka mazanamazana padalibe wotha kuwerenga malembo a zithunzi aja. Mu 1822 Jean-François Champollion wa ku France adatulukira kawerengedwe kake pogwiritsa ntchito mwala wa ku Rosetta, umene udapezeka mu 1799, ndi chiyankhulo cha Coptic chimene chikugwiritsidwabe ntchito m'mapemphero a tchalitchi cha ku Egypt. Mu 1829 adafika ku Deir el-Bahari ndipo adazunguzika mutu. Pakhoma ankaona mfumu yandevu yovala ngati afarao onse, koma mawu onena za mfumuyo adali achikazi. Amisiri ofufuta aja adasintha mayina, koma m'malo ambiri adasiya tizilembo tachikazi tili pomwepo. Champollion adamwalira mu 1832 asadamasule bwinobwino mwambiwu, koma amene adabwera pambuyo pake adatsata timabuledi tija mpaka kumupeza mwini wake.

Édouard Naville adayamba kufukula kachisiyu mu 1893. M'zaka za m'ma 1920 Herbert Winlock adapeza zidutswa za ziboliboli m'maenje muja, ndipo atazilumikiza nkhope ya Hatshepsut idaonekanso. Zambiri zili ku Metropolitan Museum ku New York ndi ku Cairo. Khoma lotchinga zipilala lija lidateteza malembo ku mphepo ndi mchenga, kotero ofufutawo adasunga chimene ankafuna kubisa. Mu 2007 Zahi Hawass adalengeza kuti mtembo wa mayi wina wopezeka m'manda a mlezi Sitre In ndi wa Hatshepsut, potengera dzino lopezeka m'kabokosi kolembedwa dzina lake, ngakhale akatswiri ena amatsutsa. Lero kachisi wake ndi amodzi mwa malo amene alendo amapitako kwambiri ku Luxor, ndipo dzina lake limatchulidwa tsiku lililonse m'ziyankhulo zimene iye sadazimvepo.

Mawu omaliza

M'chimangirizochi taona kuti Hatshepsut adakhala m'dziko limene dzina lidali gawo la moyo wa munthu, adalamulira zaka zoposa makumi awiri, ndipo adafufutidwa pofuna kuwongola mzera wa mafumu. Taonanso kuti malamulo a chiyankhulo chake ndiwo adasunga umboni woti mfumu yandevu ija idali mkazi. Zikadakhala kuti makoma aja adalembedwa m'Chichewa, kusintha dzina lokha kukadakwanira, pakuti chiganizo choti mfumu idamanga kachisi sichiulula kanthu. Phunziro kwa ife ophunzira ziyankhulo ndi lakuti mbiri ya amayi athu ilibe pobisala m'malamulo a Chichewa kapena Chiyao. Ikachoka pakamwa pa anthu ndiye kuti yapita. M'dziko muno momwe ena amanenabe kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, mayina otere ndi osavuta kutayika.

Ndisadabwerere kusukulu ndidawafunsanso anganga dzina la mayi uja. Dzina lake lobadwa nalo adaliiwala. Chimene amakumbukira ndi choti anthu ankamuitana kuti Abiti, n'kutchula dzina la bambo ake, monga momwe timaitanira amayi kwathu. Dzina la bambowo sindilemba pano poti nkhaniyi ikali yautsi pamudzi, koma ndidalilemba m'kope langa pamodzi ndi zonse zimene anganga adandiuza.

Nditafika kusukulu ndidafufuza liwu loti abiti. Lidachokera ku binti wa Chiswahili, ndipo binti adachokera ku bint wa Chiarabu, kutanthauza mwana wamkazi, pamene wamwamuna ndi ibn kapena bin. Chiarabu ndi chiyankhulo cha ku Egypt wakale zili m'banja limodzi la Afro-Asiatic, ndipo t wachikazi ndi cholowa chimene ziwirizi zidatengera kwa kholo limodzi. Choncho t amene adaulula Hatshepsut pakhoma la ku Deir el-Bahari ndi yemweyo amene adadza kwathu ndi amalonda a kugombe, ndipo ndi yekhayo watsala kuchitira umboni kuti amene adasunga mudzi wathu zaka khumi zija adali mayi. Anganga ali ndi zaka zoposa 80. Patchuthi chikubwerachi ndikupita ndi kope lina, chifukwa adanena kuti alipo amayi enanso awiri amene akufuna kundiuza.